Buku la Ahelene m'chigafa mwathu

Ndisanakambe kanthu ndiyambe ndathokoza Mulungu, amene anasunga ine ndi nyumba yanga m'zaka zimene ndikufuna kunenazi. Ndikumthokoza chifukwa cha alamu anga, amene lero anagona, ndiponso chifukwa cha anthu ena akalekale a kutsidya kwa nyanja. Anthuwo sanadziwe kuti kuli dziko lotchedwa Kasungu, koma zimene analemba zinadzandithandiza tsiku limene ndinalibe wondiyankhulira. Ena mwa iwo ankapembedza mafano. Zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mwini chiweruzo.

Amuna anga anali a ku Chulu, ine ndine wa kuno ku Njombwa. Anabwera kudzakhala kwathu ngati mkamwini, n'kumanga nyumba pamalo a amayi anga. Ali mnyamata anaphunzira za unsembe ku seminale, koma anasiya asanadzozedwe. Ndikawafunsa chifukwa, ankangoti anaona kuti sangakalambire m'nyumba yopanda phokoso la ana. Ine ndinakulira mumpingo wina, bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo palibe anakakamiza mnzake kusintha. Lamulungu tinkatulukira limodzi n'kukasiyana pamphambano ya pamjigo, masana n'kudzafunsana zimene zalalikidwa.

Ku seminaleko anachokako ndi buku limodzi lachingerezi lopanda chikuto, limene mphunzitsi wawo wokalamba anawapatsa potsazikana. Chiswe chinali chitalidya pangodya. Nkhani yake, monga anandifotokozera eni ake, inali yotere. Mphunzitsi wina wa Chihelene, amene anakhalako Ambuye asanabadwe, analemba kabuku kochepa kogawa m'magulu khumi zonse zimene munthu anganene. Gulu loyamba ndi chinthu chenichenicho, monga munthu uyu kapena ng'ombe iyi. Magulu enawo ndi zimene zimapezeka pa chinthucho: kukula kwake, maonekedwe ake, ubale wake ndi china, kumene chili, nthawi yake, ngati chakhala kapena chagona, chimene chavala, chimene chikuchita, ndi chimene chikuchitiridwa. Patapita zaka mazanamazana, Uthenga utafika kale m'mizinda ya ku Igupto ndi ku Helene, kunadzuka aphunzitsi ena amene ntchito yawo inali kutambasula kabuku kaja kwa ophunzira. Mzere umodzi ankaulembera masamba ambiri, uku akutsutsana ndi anzawo amene anafa kale. Buku la amuna anga linali la otambasula amenewa.

Sankaliwerenga nthawi ya dzinja, ntchito inkachuluka. Linkatuluka nthawi yosankha fodya, pamene munthu umakhala pansi m'chigafa tsiku lonse, manja akugwira ntchito koma pakamwa pali pomasuka.

"Mayi, ichi n'chiyani?" ankatero, atanyamula tsamba.

"Ndi fodya, bambo. Mwayambatu."

"Nanga kufiiraku?"

"Ndi fodya wofiira. Ikani apo, mukuchedwetsa ntchito."

"Mwezi wathawu tsamba lomweli linali lobiriwira. Kubiriwirako kwapita kuti? Ku okushoni amagula tsamba kapena amagula kufiira?"

"Amagula zimene akufuna, ife amangotiuza."

Zina zinali zoseketsa. Otambasula aja anavutika kwambiri ndi nkhani ya fungo. Chipatso ukachitulutsa m'nyumba, fungo lake limatsala. Ndiye kodi fungo lingakhale palokha, popanda chipatso? Wina anati timagawo tosaoneka ta chipatsocho timatsala nalo. Amuna anga ankaseka, ati munthuyo akanabwera kuno adzanunkhize bulangete lathu mwezi wa Epulo, akanalemba buku lachiwiri.

Koma panali malo amodzi pamene sankaseka. Mphunzitsi wakale uja anati choyamba pa zonse ndi munthu uyu, mmodzi, amene ungamuloze ndi chala. Wotambasula wina sanakondwe nazo. Iye anati mphunzitsiyo ananena choncho chifukwa ankaphunzitsa oyamba kumene, amene amayambira pa zooneka ndi maso. Koma zoona zake, ati, choyamba ndi chija chimachititsa anthu onse kukhala anthu, chimene sichidwala ndipo sichifa, ndipo munthu mmodzi amangobwera pambuyo pake. Akafika pamenepa amuna anga ankatsonya.

"Mbusa uja wa m'Malemba sanasiye khola lonse kukafunafuna mtundu wa nkhosa," ankatero. "Anakafuna imodzi, yakeyake, mwina yotsimphina."

Ine bukuli sindinkalikonda kwenikweni. Ndinkawakumbutsa kuti Malemba sayamikira nzeru za Ahelene. Iwo ankandifunsa ngati ana a Israeli potuluka ku Igupto anasiya golide chifukwa anali wa akunja. Tinkasiyira pomwepo, wina aliyense akuganiza kuti wapambana.

Zinali zaka zija za makuponi, pamene thumba limodzi la feteleza tinkagawana mabanja angapo ndi chidebe, kenaka n'kupatulako wa chimanga kuti fodya alaweko. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mutu, amuna anga anagwa ku nazale kudambo akuthirira mbande. Anansi anawanyamula pangolo kufika kumsewu, ndipo tinagona kuchipatala cha kuboma. Pobwerera, mbali yonse ya kumanja inali itafa, mlomo utapotoka, ndipo mawu anali atawachokera. Chinatsala ndi kubuula basi.

Ana athu awiri aakazi ndi amene anaoka fodya chaka chimenecho. Ine ndinali wosambitsa, wotembenuza, ndi wodyetsa phala ndi supuni. Zimenezo thupi limazolowera. Chimene sindinazolowere ndi alendo. Ankalowa, n'kupereka moni kwa ine, n'kuyamba kukamba za odwalawo ali pomwepo pamphasa. "Anali munthu wabwino," ankatero. Amayi a kumpingo kwathu ankapemphera mochokera pansi pa mtima, koma pempherolo linkamveka ngati la pasiwa. Chaka chimenecho nyumba yathu inapatsidwa kuponi yakeyake chifukwa inali ndi wodwala, ndipo ndinamva kuti pamjigo wina wati feteleza wanga ndamugoneka pamphasa. Ndinakauza Ambuye, amene amadziwa malilime a anthu.

M'mawa uliwonse ndinkawawerengera Masalimo, ndipo ankakhala phee, maso ali kudenga. Sindinkadziwa ngati akumva mawu kapena akungomva liwu langa, monga mwana wakhanda amamvera.

Itafika nthawi yosankha fodya, ine ndi ana tinkawanyamulira kuchigafa kuti asatsale okha m'nyumba. Tinkawatsamiritsa kumzati, mikangala yopachikapo fodya ili pamwamba pawo. Tsiku lina anayamba kubuula akuloza kunyumba ndi dzanja lamanzere. Ndinabweretsa madzi, anakana. Ndinabweretsa korona yawo yopempherera, anaigwira pang'ono n'kulozanso. Ndinapita kangapo, mpaka ndinatsegula bokosi la zovala n'kuona buku lija. Nditalibweretsa, kubuula kunatha.

Chingerezi changa n'cha Fomu 2, ndipo cha m'bukumo n'cholimba ngati chikwanje chobuntha pamtengo wouma. Ndinkawerenga ndikupunthwa, fodya ali pamiyendo. Ndikalumpha mzere, ankamenya mphasa ndi chikhatho. Poyamba ndinkayesa ngozi chabe, ndiye ndinalumpha dala. Anamenya. Patapita masiku tinafika pamalo paja pa wotambasula amene ankati munthu mmodzi si woyamba. Ndisanamalize ndime, ndinamva kutsonya. Kunatuluka mopotoka, mate akuyenderera, koma kunali kutsonya kwawo. Ndinaika buku pansi n'kutuluka panja, chifukwa sindinkafuna aone misozi.

M'masiku omwewo ndinawerenga mzere wina umene sindinauiwale. Umati chinthu chenicheni chimadziwika ndi ichi: chimalandira zotsutsana chili chomwecho. Munthu yemweyo lero waima, mawa wagona. Lero ali bwino, mawa wadwala. Kudwala kumabwera pa iye, koma iye sindiye kudwalako. Ndinaganiza za Iye amene anatidziwa tili m'mimba tisanathe kunena liwu limodzi. Ngati ankatidziwa tisanayankhule, sangatisokoneze ndi wina titaleka kuyankhula.

Anthu odutsa panjira ankamva zina. Ankamva mkazi akuwerenga chingerezi, wodwala akumenya pansi ndi kubuula. Mbiriyo inayenda mpaka ku Chulu.

Kwathu kuno mkamwini akadwala matenda osayembekezeka kuchira, abale ake amabwera kudzamutenga kuti akamusamalire kwawo, ndipo ikafika imfa imupeze pakati pa ake. Si mwambo woipa. Umapeputsa mkazi, ndipo umamuteteza kuti asadzanenedwe. Nkhani yake amakambirana ndi ankhoswe a mbali ziwiri, mkazi amangokhala pambali. Achimwene anga, amene anali nkhoswe ya mbali yathu, anadzandiuza kuti a ku Chulu akubwera Loweruka, ndipo iwo sakuona chifukwa chowakanizira.

"Watopa, mlongo wanga," anatero. "Taona mmene waondera."

"Sindinadandaule kwa munthu."

"Ndiye tikudandaulira ife."

Anabwera awiri: amalume a amuna anga, amene anali nkhoswe yawo, ndi alamu anga, mlongo wawo wamkulu, amene anawalera amayi awo atamwalira. Anali atapangana kale ndi mwini ngolo wa m'mudzi mwathu kuti adzanyamule wodwala kufika kumsewu. Ng'ombe zinaima pamthunzi wa mango, zili m'goli. Tinakhala m'chigafa chifukwa odwalawo anali komweko.

Amalume anayankhula mwaulemu. Anandithokoza, anati ndachita zimene akazi ambiri sakanachita. Kenaka anati munthu wawo anapita kale, chatsala ndi thupi, ndipo thupi ndi la eni ake. Achimwene anga anavomera. Ine ndinali ndi timasamba m'manja, ndinkangotipinda ndi kutitambasula. Ndinaona kuti dzuwa lisanalowe m'nyumba mwanga mukhala mopanda mwamuna, ndipo ndilibe pokanira.

Alamu anga anali munthu wosazungulira. Anatembenukira kwa ine.

"Alamu, tamva kuti mukumuwerengera chibuku chija."

"Eya, ndimawawerengera."

"Munthu mutu unaphulika ndi mabuku, inu n'kumathiramonso mabuku omwewo? Akuti amalira mpaka kumveka kunjira."

"Salira, alamu."

"Ndiye tawerengani timve tokha. Chili kuti?"

Ndinalitenga pansi pa chiguduli. Sindinatsegule pamene tinalekezera. Ndinapita dala pamalo paja, mtima ukupemphera mawu amene sindingawakumbuke. Ndinawerenga pang'onopang'ono. Pakati pa ndime amuna anga anamenya mphasa, n'kutsonya, n'kutembenuzira nkhope kumzati.

"Mwaona," anatero amalume. "Akuzunzika mwanayu. Tsekani, mayi."

Alamu anakweza dzanja. "Dikirani, malume. Alamu, akuti chiyani mzunguyo?"

Ndinawafotokozera m'Chichewa mmene ndinathera: kuti wolembayo akuti munthu mmodzi si kanthu kwenikweni, chachikulu ndi mtundu wa anthu onse, ndipo kuti amuna anga sankagwirizana nazo kuyambira kale.

"Tabwerezani."

Ndinabwereza. Anatsonyanso, nthawi ino mokweza, chibwano chili m'mwamba, diso limodzi likutiyang'ana cham'mbali.

Alamu anayamba kuseka. Anaseka mpaka anapukuta maso ndi chitenje. Kenaka anasendera pafupi ndi mphasa.

"Iwe," anatero kwa mlongo wawoyo, "sunasiyebe? Malume, mwaiwala? Khosi louma ili. Ankatero ali mwana tikamuuza kuti mbuzi zalowa m'munda chifukwa cha iye. Ndinathyola nthyole zingati pamsana pako chifukwa cha kutsonyaku?"

Amuna anga anatulutsa liwu limene sindinalimve chigwereni. Mapewa ankagwedezeka. Ankaseka.

"Sakulira uyu," anatero alamu. "Akukangana."

"Akukangana ndi ndani?" anafunsa amalume.

"Ndi munthu amene anafa kalekale," ndinayankha ine.

"Wapeza womuyenera," anatero alamu. "Ameneyo sangamuyankhe." Anaika dzanja paphewa la wodwala. "Malume, ife takambirana, ankhoswe agwirizana, ngolo yabwera. Mwini wakeyu wamufunsa ndani?"

"Wodwala safunsidwa, mwana wanga. Timamuganizira ndi ife."

"Amene timamuganizira ndi wosamva. Uyu wamva zonse zimene mwanenazi, ndi zija za thupi zomwe."

Amalume anayang'ana pansi. Anali munthu wabwino, ndipo ndinaona kuti mawu awo aja awabwerera. Anavula chipewa, n'kugwada movutikira pafupi ndi mphasa, maondo akulira.

Apa mantha anga anakula kuposa poyamba. Inenso ndinali ndisanawafunsepo. Ku Chulu ndi kumene kuli manda a amayi awo. Kumeneko sakanakhala mlendo. Mwina munthu wonyada ngati iwo anali atatopa kusambitsidwa ndi mkazi pakhomo la eni. Akanasankha kupita, ndikanati chiyani? Ndinali nditangotsimikizira anthu ndi pakamwa panga kuti akumva ndipo akudziwa chimene akufuna.

"Mphwanga," anatero amalume, "pepa, takamba ngati palibe munthu. Tabwera kudzakutenga tipite kwathu. Ngati ukufuna, gwira dzanja langali. Ngati sukufuna, tionetse mmene ungathere."

Amuna anga anayang'ana alamu nthawi yaitali, misozi ikutsika mbali imodzi. Kenaka anatambasula dzanja lamanzere n'kugwira la amalume. Ndinati basi, asankha kupita. Analigwira mwamphamvu, analigwedeza monga timachitira ndi mlendo wolemekezeka. Atatero analitembenuza, n'kulikankhira pang'onopang'ono kunjira. Analisiya, n'kugogoda pabuku limene linali pamiyendo panga.

"Akutiperekeza," anatero amalume. Anadzuka atagwira mzati. "Watipatsa moni, watitsazika, ndipo akuti tikumuchedwetsa sukulu."

Achimwene anga anapita kukauza mwini ngolo kuti amasule ng'ombe.

Amalume anabwerera m'mawa mwake. Alamu anati atsala mpaka tidinde mabelo a fodya, ndipo anatsaladi. Ankasankha fodya mofulumira kuposa ine, ndipo anandichotsera ntchito yosambitsa masiku ena kuti ndipite kutchalitchi. Masana ankati ndiwerenge, ndiwamasulire. Anasankha kukhala mbali ya wotambasula uja, osati chifukwa ankagwirizana naye, koma kuti mlongo wawo apeze wokangana naye wamoyo.

"Akunena zoona bamboyu," ankatero. "Anthu ndi amodzi. Amuna onse ndi aulesi mofanana."

Mphasa inkamenyedwa, fumbi la fodya n'kubuka, ife n'kumatsokomola ndi kuseka.

Mawu sanabwerere, ngakhale tinapemphera ndi kusala. Mulungu anatipatsa zina. Dzanja lamanzere linalimba mpaka ankatha kusankha masamba aatali ndi aafupi. Alendo anaphunzira kuyamba kupereka moni kwa iwo, chifukwa alamu ankawabweza pakhomo akalakwitsa. Wansembe wa kutchalitchi kwawo ankabwera ndi njinga yamoto kudzawapatsa Mgonero, ndipo tsiku lina anatenga buku lija, anawerenga tsamba limodzi, n'kunena kuti iye mayeso a zimenezi anangokhoza mwa chisomo.

Anakhala nafe zaka zina zingapo, ndipo anaona zidzukulu ziwiri. Alamu ankabwera nyengo iliyonse yosankha fodya. Bukulo tinalimaliza, n'kuliyambanso. Sindinganame kuti ndinalimvetsa lonse. Muli masamba ambiri amene ndinangowatchula mawu ngati mwana wa sukulu ya mkaka, iwo akugwedeza mutu, ine osadziwa chimene avomera.

Atamwalira, palibe anachita kubwera kudzapempha thupi. Ndinatuma uthenga ndekha, ndipo ndinakwera nawo galimoto kupita ku Chulu. Tinawaika pafupi ndi amayi awo. Amalume anali atakalamba kwambiri, osaonanso bwino, koma anandiitana pamaso pa anthu n'kunena kuti nyumba ya ku Njombwa inasunga munthu wawo, ndipo khomo la ku Chulu ndi langa masiku onse. Ndimapitako mpaka lero nthawi yokolola mtedza.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akudalitseni m'nyumba zanu ndi m'minda mwanu. Amene mukusamala odwala, akupatseni msana wolimba ndi tulo tokoma, ndipo akutumizireni m'bale wokuthandizani pa nthawi yake. Amene mwagona pamphasa, akukhalireni pafupi, ndipo akupatseni anthu odekha okhala nanu. Ana anu akule mumtendere, mvula igwe pa mbewu zanu, ndipo chisomo cha Ambuye chikhale ndi inu nonse. Amen.